Ine chida changa ndi thovu la sopo

Masiku ano akatswiri a ana a autism akungophuka paliponse. Munthu akakhala nawo pa msonkhano wa masiku atatu mu hotela ina ya m'mbali mwa nyanja muno, kudya chambo, kusainira alawansi, Lolemba lake wasanduka dokotala, satifiketi ili pakhoma. Wina akutsatsa ufa wa m'mabotolo pa WhatsApp, akuti umatsegula ubongo pa sabata ziwiri. Wina ali ndi kachipinda kuseri kwa golosale, amaunjikamo ana, iye kabango kali m'manja, ndipo makolo amamutama kuti kwa iyeyo ana amakhala phee. Inde amakhala phee, mwana wamantha ndi mmene amakhalira. Koma kamuitaneni dzina madzulo ali pabwalo pakwawo, kabango palibe, muone ngati atembenuke. Anthu amenewa akudyera makolo masuku pamutu, ndipo mwana akafika kwa ine atadzera kumeneko, mwezi woyamba umathera pomutsimikizira kuti dzanja langa likakwera m'mwamba silikubwera kudzamumenya.

Ine ntchitoyi ndinakaiphunzira ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, kumene aphunzitsi ambiri a maphunziro apadera m'dziko muno anadzera. M'mawa ndimakhala mu risosi, chipinda cha maphunziro apadera, pa pulayimale ina kuno ku Makokola, masana ndimapalasa njinga m'midzi ya pakati pa Maldeco ndi Makawa. Kuwerenga ndi masamu zimabwera pambuyo. Chimene ndimaphunzitsa ndi chidwi: mwana atembenuke akaitanidwa, akhale nawe pa chinthu chimodzi kwa kanthawi, aone chimene ukumuonetsa. Popanda zimenezi, choko ungomutha chabe.

Zoyambirira sinditayirapo nthawi. Aliyense wodziwa ntchito amayamba watumiza mwana kukayezetsa makutu, amafunsa za khunyu, amafunsa ngati anadwalapo malungo aja ofika ku ubongo, chifukwa kuno kunyanja alipo ana ambiri amene chidwi chawo chinasokonekera pamenepo, osati pa autism. Umafunsa ngati wagona, ngati wadya. Umapeza ngodya yopanda phokoso, kuyala mkeka. Basi.

Za autism yeniyeniyo, makolo ndimawauza mwachidule. Ndi mmene ubongo wa mwana unakulira, ndipo bungwe la WHO linanenapo kuti pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 aliwonse ali nayo, anyamata kuposa atsikana. Leo Kanner, dokotala wa ku Baltimore, anailongosola mu 1943 ataona ana 11. Si katemera, dokotala wa ku Britain amene anafalitsa bodza limenelo mu 1998 analandidwa chilolezo chogwirira ntchito mu 2010. Ndipo si kukhwima. Izi ndimazinena mokweza chifukwa kuno mwini chilimila akangobereka mwana wosayankhula, pa doko pamayamba manong'onong'o akuti anamuika m'chizimba kuti maukonde azidzadza. Bambo amakwiya, mayi amabisa mwana kuchipinda, ndipo zaka zabwino zophunzitsira zimapita.

Njira imene timagwiritsa ntchito inatchuka ndi Ivar Lovaas wa ku yunivesite ya California ku Los Angeles. Mu 1987 iye analemba za ana 19 amene ankaphunzitsidwa maola 40 pa sabata kwa zaka ziwiri kapena kuposerapo, ndipo 9 mwa iwo anakatha kuphunzira limodzi ndi anzawo m'kalasi wamba. Ofufuza a pambuyo pake sanapeze zotsatira zazikulu choncho, komanso Lovaas m'zaka zake zoyamba ankagwiritsa ntchito makofi ngakhale magetsi polanga ana, zinthu zimene ntchito yathu inazitaya kalekale. Maola 40 amenewo ine ndimangoseka. Ndingawatenge kuti, pamene chiyambire pulayimale yaulere mu 1994 kalasi ya Sitandade 1 yopitirira ana 100 si nkhani yodabwitsa? Chimene ndinatengapo ndi fupa lake lokha: pali chimene umachita iwe, pali chimene mwana amachita, ndiye pali chimene chimatsatira nthawi yomweyo. Khalidwe limene latsatiridwa ndi chokoma limabweranso mawa.

Pamene ndimasiyana ndi mabuku ambiri akunja ndi pa nkhani ya maso. Iwo phunziro loyamba ndi lakuti "ndiyang'ane." Kuno mwana woleredwa bwino satong'olera wamkulu maso, amagwada, amayang'ana pansi, ndipo agogo amati ali ndi ulemu. Ndiye ine ndikaphunzitse mwana chinthu chimene kunyumba akachiyesa mwano? Komanso akuluakulu ambiri a autism anena okha kuti kuyang'anizana maso kumawasautsa, mpaka samvanso zimene ukunena. Ine ndimafuna nkhope itembenukire kwa ine, maso adutse pankhope panga ngakhale pang'ono. Akayang'ana pakamwa panga kapena pachipumi, zandikwanira.

Izi sindinazitenge m'kalasi ku koleji. Ndinaziphunzira kwa mayi wina wachikulire amene ananditumizako kukayeserera ntchito, pa sukulu ina ya kumapiri. Anali wamfupi, wa magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi, ndipo m'thumba la diresi lake simunkasowa nyemba zouma. Mwana akachita bwino, nyemba imodzi inkachoka thumba lamanja kupita lamanzere, iye osayang'anako n'komwe, ndipo pomaliza ankakhuthula patebulo n'kuwerenga. Ndinafika ndi mafayilo anga, mapulani olembedwa bwino ndi inki ya mitundu iwiri. Anawalandira ndi manja awiri, anawaika pamwamba pa kabati, ndipo anakhala pomwepo mpaka tsiku lobwerera. Masabata oyamba sanandilole kuyankhula ndi mwana aliyense. Anandipatsa kope ndi mpando wa pakona. "Aphunzitsi, muzilemba chimene mwana uyo akuyang'ana. Osati chimene akulakwitsa, ayi. Chimene akuyang'ana." Ndinalemba: fumbi louluka pa kuwala kwa pawindo, ulusi wa pa chitenje, mpini wa chitseko, madzi odontha pa ndowa. Madzulo tikudya mbatata yootcha kuseri kwa kalasi ankatsegula kope lija n'kundifunsa, "Ndiye mwana ameneyu mukuti alibe chidwi?" Chidwi anali nacho chambiri, kungoti sichinali pa ife.

Mayi ameneyu sankakweza mawu. Ndikayamba kulongolola pamaso pa mwana, "khala pansi, taona kuno, iwe, tamvera, ndati taona," ankangondigwira pachigongono n'kunena chapansipansi, "Pakamwa, aphunzitsi." Lamulo lake linali mawu awiri kapena atatu, kamodzi, kenako chete. Ankadana ndi maswiti. Ankadana ndi alendo obwera ndi makamera. Ankasunga makatoni a sopo, zitsekerero za mabotolo, mabokosi a machesi, ndipo nyumba yake inkaoneka ngati ya munthu wotola zinyalala, koma chilichonse chinali ndi mwana wake. Tsiku lina mkulu wina woyendera sukulu anamufunsa chifukwa chake ana ake sakuimba nawo ma a e i o u, iye anamupatsa mpando wa pakona uja ndi kope. Anapuma ntchito ali pa giredi yomweyo imene anayambira. Nyemba ndimayenda nazo mpaka lero, ngakhale kuti kuno ndimakonda nthanga za malambe chifukwa sizifumbwa.

Thovu la sopo ndinaphunziranso kwa iye, koma ndalikonza ndekha m'zaka zimenezi mpaka ndinganene kuti ndimamuposa. Sopo wabwino ndi wamadzi wotsukira mbale. Wa mtanda amachita thovu loti phwa nthawi yomweyo, wa ufa amaluma m'maso. Madzi a pa mjigo wathu ndi olemera, amadya sopo, choncho ndimatunga a m'nyanja n'kuwasefa pa nsalu, kapena kusunga a mvula m'chigubu. Ndimathiramo madontho a gilisalini, yemweyo amene amayi amadzola nthawi yozizira. Akasowa, kashuga pang'ono. Usavundule mwamphamvu. Usiye ugone usiku umodzi. Pouzira, zapulasitiki za m'sitolo zimathyoka sabata yomweyo ndipo zimatulutsa timathovu tambirimbiri nthawi imodzi, maso a mwana n'kubalalika. Ine ndimadula phesi la tsamba la papaya, lobowoka m'kati lija limene tonse tinkaseweretsa tili ana. Kunsonga kotakata ndimakung'amba pang'ono kanayi n'kukutambasula, ndipo limatulutsa thovu limodzi lalikulu, loyenda pang'onopang'ono, loti mwana alitsate ndi maso mpaka liphulike. Utomoni wake woyera uja umayabwa, ndiye uyambe walitsuka. Likafota, mpapaya uli paseri.

Bwanji thovu, osati kamba kapena switi? Switi imakhutitsa, ikatha yachisanu mwana safunanso kanthu kwa iwe, ndipo mayi ake sadzakwanitsa kugula tsiku ndi tsiku. Chidole ukampatsa, uyenera kumulandanso kuti mupitirize, ndiye mwayambana. Thovu limatha lokha, wolakwa palibe. Mwana sangalipange yekha poyamba, ayenera kudzera mwa iwe. Ndipo chachikulu, limachokera pakamwa pako. Maso ake amakwera okha kubwera kunkhope kwako iwe osanena kanthu. Vuto lake ndi mwera basi: kuyambira Juni mpaka Ogasiti pakhonde sipagwirika ntchito, thovu limangoti likatuluka lapita kwa aneba, ndiye timalowa m'nyumba. Alipo ana amene saliona n'komwe, ena amaliopa. Amenewo umabwerera ku kope: wina ndi madzi othira kuchokera m'kapu kupita m'kapu, wina ndi kumuyendetsa pa chitenje anthu awiri atagwira uku ndi uku, wina ndi galimoto yamawaya. Mphotho amasankha ndi mwana, iwe umangoipeza.

Tsopano povuta penipeni. Pali mnyamata wina wa zaka zisanu ndi chimodzi amene ndimamuyendera, amakhala ndi agogo ake pafupi ndi matandala oyanikapo usipa. Amandandalika zitsekerero za mabotolo kuyambira pakhomo mpaka pa mtondo, akung'ung'udza, ndipo ukasuntha chimodzi ndi nkhondo. Ndinakhala pambali pake, osati kutsogolo, n'kuuzira thovu kawiri kwaulere. Kachitatu ndinaika phesi pamlomo, kukoka mpweya, n'kuima. Anakoka dzanja langa. Ndinaima. Anakankhira phesi pakamwa panga. Ndinaimabe, ndikuwerenga mumtima mpaka zisanu. Agogo ali pamkeka anayamba, "Tayang'ana aphunzitsi, iwe," ine n'kuwapukusira mutu. Kenako maso ake anakwera, kuphethira kumodzi kokha, ndipo thovu linatuluka nthawi yomweyo.

Nthawi yomweyo, ndikutanthauza sekondi imodzi. Woweza ndi mbedza amadziwa: nsomba ikagwedeza chingwe ukoke pomwepo, ukachedwa wangoidyetsa nyambo. Ukauzira mwana atayang'ana kale kumbali n'kuyamba kukuwa, wamuphunzitsa kuti kukuwa ndiko kumabweretsa thovu. Anthu a masiku atatu aja amadziwa mawu akuti mphotho, koma dzanja lawo limachedwa, ndipo amadabwa kuti mwana akuipiraipira.

Kuyang'anako kukakhazikika, ndimaika dzina patsogolo pake. Kamodzi. Pano pali ntchito ina ndi a pabanja, chifukwa dzina la mwana wotere limakhala litasukuluka: amaitanidwa tsiku lonse, kakhumi kakhumi, ndipo akatembenuka chimene amapeza ndi kusamba, kukalipiridwa kapena kulandidwa chimene wagwira. Ndani angatembenukire zimenezo? Ndimawapempha kuti kwa kanthawi dzina lizitchulidwa pa zabwino zokha, ndipo likhale limodzi, osati la kusukulu, la kumadrasa ndi la agogo mosinthanasinthana. Chiyankhulonso chikhale chimene amamva pakhomo. Ngati ndi Chiyao, ndi Chiyao, ine ndi amene ndiyenera kuphunzira. Ndikaitana osatembenuka, sindibwereza. Ndimabweretsa phesi pafupi ndi maso ake n'kulikokera kunkhope kwanga, iye n'kulitsata, ine n'kuuzira. Thandizo limenelo ndi ngongole, liyenera kubwezedwa msanga. Mawa phesi lili pachifuwa, mkuja lili pamwendo, kenako kumbuyo, kenako m'thumba mwakuti salionanso. Ukafulumira kulichotsa, mwana amagwa ulesi n'kubwerera ku zitsekerero zake. Ukachedwa, waphunzitsa mwana womvera phesi la papaya, osati dzina lake. Palibe buku limene lingakuuze tsiku lake. Chimene chimandiuza ndi nthanga za m'thumba: akakhoza kasanu ndi katatu pa maulendo khumi, masiku angapo otsatizana, kwa ine komanso kwa munthu wina, ndimasuntha. Ndimatalikira mapazi awiri, kenako ndimaitana ndili kuseri, kenako aitane agogo, kenako mlongo wake, kenako wailesi ikulira. Thovu nalonso limayamba kubwera mwa apo ndi apo, m'malo mwake kumwetulira, kumugirigisha, kapena kungomupatsa chitsekerero china choti awonjezere pa mzere wake.

Pali nyengo imene makolo ambiri amathawira. Mwana amene anazolowera kupeza zinthu pokuwa, ukasiya kumupatsa pokuwa, amayamba wakuwa koposa kale. Zimenezi n'zodziwika pa ntchito yathu ndipo zimatsika ukapirira, bola ukhale utamupatsa njira ina yopemphera, kaya kuloza, kaya kupereka kadi ya chithunzi monga mwa njira ya PECS imene Andy Bondy ndi Lori Frost anayambitsa ku Delaware. Koma kauzeni agogo zimenezo mdzukulu akudzigwetsa pansi, aneba atasuzumira pampanda. "Aphunzitsi, mwanayu mwamuonjeza matenda." Amatulutsa chitumbuwa, ndipo ntchito ya sabata yonse yapita.

Komabe kutembenuka poitanidwa ndi khomo chabe. Chidwi chimene ndimachifuna ndi chogawana. Mwana wamba asanakwanitse chaka ndi theka amaloza ndege kumwamba n'kuyang'ana mayi ake, osati kuti amupatse ndegeyo, koma kuti aone limodzi. Mawu amamera pamenepo, chifukwa mwana amaphunzira kuti "bwato" ndi chiyani pokhapokha iye ndi wonenayo akuyang'ana bwato lomwelo. Connie Kasari ndi anzake, ku Los Angeles komweko, anaonetsa mu 2006 kuti ana a zaka zitatu ndi zinayi ophunzitsidwa zimenezi kwa mphindi 30 patsiku, masabata asanu kapena asanu ndi limodzi okha, anapita patsogolo, ndipo powatsatira pambuyo pake chiyankhulo chawonso chinakula. Mphindi 30 ndi zimene ine ndingakwanitse. Ndimayamba kuloza chala chitakhudza chinthucho, kenako patali pang'ono, kenako galimoto yamawaya imene ndaipachika dala pa denga, mpaka tsiku lina tili kugombe ndiloze chilumba cha Boadzulu iye n'kutsata chala mpaka kumeneko. Koma mbali inayo, yoti iye ayambe yekha kukuonetsa, siigulidwa ndi mphotho iliyonse. Umangotchera: thovu lalikulu kuposa onse, lokakamira pa tsitsi la mlongo wake osaphulika, iwe n'kukhala chete nkhope ili tcheru. Mnyamata wa zitsekerero uja anayang'ana thovulo, anayang'ana ine, anabwereranso ku thovu akuseka. Sankapempha kanthu. Ena amafika pamenepa pa miyezi, ena pa zaka, ena sindinawaone akufikapo, ndipo kholo limene landifunsa ndimaliuza choncho.

Makolo funso lawo ndi limodzi: "Ayankhula liti?" Ukati sukulonjeza, nkhope zimagwa. Kwa sing'anga anapereka mbuzi osatsutsa mtengo, kwa wa ufa wa m'botolo anatumiza ndalama pafoni katatu, koma ine ndikatchula ya matayala a njinga, amati aphunzitsi amangobwera kudzasewera ndi mwana, ndiponso boma limawalipira. Boma limandilipira za m'mawa. Sopo, makatoni, selotepi yomatira makadi kuti asanyowe ndi malovu, zonse zimachoka m'thumba mwanga, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 selotepi ndimachita kuidula ndi lezala mopingasa kuti ikwanire. Ena amalipira ndi mbale ya usipa, ndipo sindikana, koma mwera ukaomba usipa kulibe. Malamulo a anthu olumala tili nawo, koma lamulo silinagulepo botolo la sopo mu risosi yanga. Abambo ambiri kuno ali ku Johannesburg ndi ku Durban, ndipo chikondi chawo chimabwera ngati foni. Mwana amapatsidwa foni kuyambira m'mawa, nyumba ili zii, mayi akuti onani mmene akuikira chidwi. Foni siiyambitsa autism, koma siifuna kuti uitembenukire, siidikira kuti uiyang'ane, ndipo ine ndi phesi langa sindingapikisane nayo. Ndiye pali amjomba, amene mwanayo samukhalira ngakhale ola limodzi koma ndi amene amagamula, ndipo amafuna kuona kope lodzaza zilembo.

Amene amandipepukitsa ntchito ndi alongo ake a ana amenewa, atsikana a Sitandade 5 kapena 6. Sachita manyazi kukhala pansi, dzanja lawo ndi lachangu, ndipo amakhalapo nthawi ya nsima, yosamba, yotunga madzi, pamene phunziro lenileni limachitikira. A WHO nawonso anaona zomwezo pokonza maphunziro awo a olera ana, a magawo 9 a pagulu ndi maulendo 3 a kunyumba: mphunzitsi wobwera kawiri pa sabata sangapose munthu wa pakhomo.

Zilembo ndimazichedwetsa pa chifukwa china chimene a kumtunda sachiganizira. Ana ambiri a autism amangonyamuka osatsanzika, ndipo madzi amawakoka. Ife nyanja ili pakhomo, muli ng'ona ndi mvuu m'mabango, kumbuyo kuli msewu wa ku Monkey Bay wa minibasi ndi njinga zamoto. Choncho mwana akangodziwa kutembenukira dzina, chotsatira ndi liwu limodzi, "Ima!" Timayamba m'nyumba ngati masewera, ine nditamugwira dzanja, kuyenda, kuima, thovu. Kenako pabwalo, kenako panjira ya kudoko munthu wina ali patsogolo pake mwakachetechete, chifukwa phunziro ili siliyesedwa popanda wotchinga. Liwuli mphotho yake sindiichepetsa ngati mmene ndimachitira ndi zina zonse, ndipo ndimaletsa a pabanja kuliseweretsa pa zinthu zazing'ono. Nthawi ya mwera mafunde amameza mawu, ndiye timawonjezera kuomba m'manja kawiri, ndipo aliyense wa pakhomopo, ngakhale anyamata okoka makoka amene amacheza pamchenga, ndimawaphunzitsa kuomba mofanana.